Mthuthuthu Wotchipa pa Msewu wa Seke

Tauni ya Chitungwiza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kum'mwera kwa Harare. Kalembera wa mu 2022 anapezamo anthu opitirira 370,000. Ambiri mwa amene ali pa ntchito kapena pa geni amadzuka kusanache n'kulowera ku Harare kudzera pa mlatho wa mtsinje wa Manyame, ndipo amabwerera dzuwa litalowa. Pakati pa mabasi, maminibasi ndi timagalimoto tonyamula anthu mozembera apolisi, masiku ano pamadutsanso njinga zamoto zing'onozing'ono. Ashona amati mudhudhudhu, ife timati mthuthuthu, ndipo mayina onse awiri anachokera ku kulira kwa injini yake. Zambiri mwa njingazi ndi za ntchito, zokhala ndi bokosi kumbuyo lonyamuliramo chakudya, mankhwala kapena makalata. Zowerengeka chabe ndiye zokongoletsedwa ngati za mpikisano wakale: thanki yaitali yopyapyala, chiwongolero chotsika, mpando wa munthu mmodzi wokhala ndi kalinunda kumbuyo. Azungu amazitcha cafe racer.

Njinga ziwirizi zimasiyana nkhope, koma mukazivula malata nthawi zambiri mupeza injini ya mtundu umodzi, yopangidwa ku China potengera ya ku Japan. Mbiri ya kanjinga kokongolako ili ndi magwero awiri. Maonekedwe ake anachokera kwa anyamata a ku London ndi ku mabwalo a mpikisano, komwe azungu a ku Rhodesia yemweyu ankatenga zikho. Injini yake inapangidwira anthu osauka a ku Asia amene sankasintha oyilo. Wogula amakopeka ndi maonekedwewo, koma chimene chimamufikitsa kuntchito ndi injiniyo pamodzi ndi manja amene amaisamalira.

Tauni yomangidwa kutali

Kutalika kwa Chitungwiza sikunachitike mwangozi. Lamulo la Land Apportionment Act la mu 1930 linagawa malo a Southern Rhodesia potengera khungu, ndipo mzinda wa Salisbury unakhala wa azungu. Munthu wakuda ankafunika m'tauni masana, koma usiku azikagona kwina. Makomboni oyamba, Harari amene lero ndi Mbare komanso Highfield, anali pafupi ndi mzinda. Atadzaza, boma linayamba kumanga kutali, kutsidya kwa Manyame. Seke ndi St Mary's anayamba kukula kuchokera m'zaka za m'ma 1950, ndipo Zengeza inatsatira m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene nkhondo yomenyera ufulu inkathamangitsa anthu m'midzi. Mu 1978 makomboni atatuwa anaphatikizidwa n'kukhala Chitungwiza.

Mwa anthu amene anadzaza makomboni a Salisbury munali ambiri ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ena anayenda wapansi kudzera ku Tete, ena anakwera malole a Ulere amene boma la Southern Rhodesia linkanyamuliramo anthu ofuna ntchito osawalipiritsa, ena analembedwa ndi Mthandizi. Munthu wobwerera kumudzi ankayesetsa kuti afike ndi njinga yakapalasa, ya Raleigh kapena ya Humber, chifukwa ndiyo inali umboni woti ku Halale sanapite kukasewera. Amene sanabwerere anatchedwa matchona, ndipo zidzukulu zawo zilipo mpaka lero. Gule wamkulu amavinidwa m'tauniyi, ndipo oimba sungura otchuka a ku Chitungwiza monga Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso anajambula nyimbo zina m'Chichewa.

Njinga yakapalasa inkathandiza munthu wa ku Harari, koma wokhala kutali ankadalira basi, ndipo mtengo wa basi sunachedwe kusanduka nkhani ya ndale. Mu September 1956 bungwe la City Youth League linatsogolera anthu akuda a mu Salisbury kunyanyala mabasi chifukwa cha kukwera kwa mtengo. Mwa amene anayambitsa bungweli, pamodzi ndi James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole, munali Dunduzu Chisiza wa ku Karonga, yemwe boma linamuthamangitsira kwawo ku Nyasaland m'chaka chomwecho.

Ufulu wa mu 1980 sunafupikitse mtunda. Njanji yolumikiza Chitungwiza ndi Harare yakhala ikulonjezedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, koma siinamangidwe. Mabasi a ZUPCO ndiwo ankanyamula anthu m'mizinda mpaka mu 1993, pamene boma linalola maminibasi a anthu wamba, amene kumeneko amawatcha makombi. Mu 2008 ndalama ya Zimbabwe inatha mphamvu moti mtengo wa kombi unkatha kusintha pakati pa m'mawa ndi madzulo. Mu January 2019 boma linakweza mtengo wa mafuta kuposa kawiri pa tsiku limodzi, ndipo zionetsero zimene zinatsatira zinagwedezanso Chitungwiza. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, makombi analetsedwa kupatula olembetsa pansi pa ZUPCO, ndipo anthu ankaima pa mizere maola ambiri mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu 2022. Pa zaka zonsezi munthu wa ku Zengeza waphunzira kuti wopanda chokwera chakechake nthawi yake ili m'manja mwa ena. Kanjinga kamoto kotchipa kakulowa pa mpata umenewu.

Kumene nkhope inachokera

Dzina loti cafe racer linabadwira pa malo omwera tiyi. Ace Cafe inatsegulidwa mu 1938 m'mbali mwa msewu wa North Circular ku London, kuti madalaivala a malole azipezapo chakudya usiku ndi usana. Inaphulitsidwa ndi bomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kumangidwanso mu 1949. M'zaka za m'ma 1950 anyamata ogwira ntchito m'mafakitale anayamba kupeza kandalama kotsala komanso mwayi wogula zinthu pa ngongole yobweza pang'onopang'ono. Galimoto inali yodula, choncho ankagula njinga zamoto za Triumph, Norton ndi BSA, n'kumasonkhana pa malo ngati Ace Cafe. Cholinga cha aliyense chinali kufika liwiro la mamailosi 100 pa ola, amene ndi makilomita 160.

Kuti afike pamenepo ankachotsa chilichonse cholemera pa njinga. Ankatsitsa chiwongolero kuti wokwera agone pa thanki ndipo mphepo isamubweze, ankasunthira zopondapo kumbuyo, n'kuika mpando wa munthu mmodzi. Ena ankatenga injini ya Triumph, yomwe inali yamphamvu, n'kuiika m'chimango cha Norton, chomwe chinkakhota bwino, ndipo chotulukapocho ankachitcha Triton.  Ambiri ankasula zawo kuseri kwa nyumba potengera zimene ankaona pa mipikisano, makamaka wa Isle of Man TT.

Apa ndi pamene mbiriyi imakhudza Zimbabwe. Ena mwa akatswiri amene anyamata a ku London ankawasirira anali a ku Southern Rhodesia. Ray Amm, wobadwira ku Salisbury mu 1927, anapambana mipikisano iwiri ikuluikulu ya Isle of Man TT mu 1953 atakwera Norton, ndipo anafa pa ngozi ya mpikisano ku Imola, m'dziko la Italy, mu 1955. Gary Hocking, yemwe anakulira ku Bulawayo, anakhala katswiri wa dziko lonse m'magulu a 350cc ndi 500cc mu 1961 pa njinga ya MV Agusta. Jim Redman anasamukira ku Rhodesia kuchokera ku London mu 1952, ndipo pakati pa 1962 ndi 1965 anapatsa kampani ya Honda zikho zisanu ndi chimodzi za dziko lonse. Dziko laling'ono linatulutsa akatswiri atatu otere m'zaka zosakwana 15. Koma onsewa anali azungu, ndipo masewerawo anali a azungu. Pa nthawi yomweyo munthu wa ku Dedza kapena ku Mzimba wogwira ntchito m'khitchini kapena m'fakitale ku Salisbury ankasunga malipiro a miyezi yambiri kuti agule njinga yopalasa ndi miyendo.

Ku Britain nyengo ya cafe racer siinakhalitse. Timagalimoto totchipa ngati Mini, yomwe inatuluka mu 1959, tinakopa achinyamata. Ace Cafe inatsekedwa mu 1969, chaka chomwe Honda inatulutsa CB750, njinga yothamanga imene sinkadontha oyilo ndipo inkalizidwa ndi batani. Mafakitale a ku Britain anagwa motsatizana: BSA kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo fakitale yakale ya Triumph ku Meriden mu 1983. Chinatsala ndi chithunzi chokha, cha mnyamata wovala jekete lachikopa atagona pa thanki.

Kumene injini inachokera

Honda inadziwa kale kuti ndalama zenizeni zili pa njinga zazing'ono. Super Cub, imene inatuluka mu 1958, inafika pa chiwerengero cha 100 miliyoni mu 2017. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 njinga zina za kampaniyi zinkafa msanga m'mayiko osauka, ndipo opikisana nayo ankailanda msika. Mu 1974 inatumiza akatswiri awiri, Takeshi Inagaki ndi Einosuke Miyachi, kukayendera mayiko monga Thailand, Indonesia, Philippines, Iran ndi Pakistan kuti akaone mmene anthu ankagwiritsira ntchito njinga. Anapeza banja lonse litakwera njinga imodzi, katundu wolemera atamangidwa kumbuyo, oyilo wakuda bii amene sanasinthidwepo, ndi sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi. Mwini njinga ankapita kwa makaniko pokhapokha ikakana kulira.

Akatswiriwo sanabwerere ndi maganizo oti aphunzitse anthuwo khalidwe. Anapanga njinga yoti ipirire nkhanza zimenezo, ndipo mu 1975 inatuluka CG125. Injini yake ili ndi silinda imodzi yoziziritsidwa ndi mphepo, choncho ilibe madzi kapena mapaipi oti n'kudontha. Mavavu ake amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo kuchokera pansi pa injini, pamene oyilo amakhala wambiri, m'malo mwa tcheni chokwera pamwamba chimene chimavutika oyilo akada. Sefa ya mpweya inali ya siponji yochapa n'kubwezeretsa. Chimango chinalimbitsidwa kuti chinyamule anthu ndi katundu. Injiniyi ndi yaphokoso ndipo siithamanga kwenikweni, mphamvu zake ndi za mahatchi 10 kapena 11, koma makaniko wa pansi pa mtengo amatha kuimasula ndi masipanala ochepa n'kuibwezeretsa tsiku lomwelo. Mu 1976 inayamba kupangidwa ku Manaus m'dziko la Brazil, komwe katswiri wa mpira Pelé ndiye ankaitsatsa, ndipo ku Pakistan ikupangidwabe mpaka pano.

Mtengo unagwa chifukwa cha China. Fakitale ya zida zankhondo ya Jialing, mumzinda wa Chongqing, inayamba kupanga njinga zamoto mu 1979 ndipo posakhalitsa inachita mgwirizano ndi Honda. Kuzungulira mafakitale a boma oterewa kunamera timakampani tambirimbiri topanga mapisitoni, makabuleta, matcheni ndi zina. Mu 1992 kunabadwa Lifan ndi Zongshen, ndipo mu 1993 Loncin. Makampaniwa ankagula zipangizo kwa opanga omwewo n'kumalumikiza njinga zotengera CG125, Super Cub ndi GN125 ya Suzuki. Popeza onse ankatengera chinthu chimodzi, chipangizo cha kampani ina chinkalowa pa njinga ya kampani inzake, ndipo mpikisano unatsitsa mitengo kwambiri. Cha m'ma 2000 njinga za ku China zinasefukira ku Vietnam moti Honda inakakamizika kutulutsa yake yotchipa, Wave Alpha, mu 2002. Mu 2004 khoti la ku Beijing linaletsa Lifan kulemba dzina loti Hongda pa njinga zake. Mizinda yambiri ya ku China itayamba kuletsa njinga zamoto m'misewu yake, monga unachitira mzinda wa Guangzhou mu 2007, mafakitale anayang'ana kwambiri misika ya kunja, ndipo Africa inali pa mndandanda. Makampani a ku India, Bajaj ndi TVS, anabwera ndi njinga zawo zolimba monga Boxer. Mu 2011 Honda yeniyeniyo inatulutsa Ace CB125 ku Nigeria pogwiritsa ntchito zipangizo zambiri zochokera ku China, kuti ipikisane ndi amene anaitengera.

Magwero awiri akumana

Pamene izi zinkachitika, chilakolako cha zinthu zakale chinabwerera ku Ulaya ndi ku Japan. Ace Cafe inatsegulidwanso kwathunthu mu 2001. Mu 1997 Honda inatulutsa Dream 50, kanjinga kokumbutsa CR110, njinga yake ya mpikisano ya mu 1962, chaka chomwe Redman anatenga zikho zake zoyamba. Kenaka kampani ya ku China ya Skyteam inatengera maonekedwe a Dream 50, n'kuikamo injini yotengera CG125, n'kuitcha Ace. Makampani ena a ku Ulaya, monga Mash ya ku France ndi Mutt ya ku Birmingham, anayamba kuitanitsa njinga ku mafakitale a ku China, kuziveka matanki ndi mipando ya kalekale, n'kuzigulitsa ndi mayina awoawo. Chimene mnyamata wa ku London ankasula yekha ndi manja chinasanduka katundu wobwera m'bokosi.

Chokopa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Njinga ya ntchito imauza aliyense kuti wokwerayo watumidwa. Ya maonekedwe a mpikisano imanena kuti mwini wake anasankha yekha, ngakhale mtengo wa ziwirizi sutalikirana kwambiri. Kwa mdzukulu wa munthu amene ankaonera mipikisano ya azungu ali kunja kwa mpanda, kukwera njinga ya nkhope imeneyo pa msewu wa Seke si chinthu chaching'ono. Ndipo masamu ake amagwira. Ulendo wopita ku Harare ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 50. Injini ya 125cc yosamalidwa bwino imayenda makilomita 35 kapena 40 pa lita imodzi ya petulo, kutanthauza kuti lita imodzi ndi theka ikwanira tsiku lonse. Pa mzere wa magalimoto njinga imadutsa, ndipo m'tauni siisowa poimika.

Komabe chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Maonekedwe a cafe racer anapangidwira phula losalala ndi maulendo aafupi a usiku. Chiwongolero chotsika chimaika thupi lonse pa mikono, ndipo dzenje lililonse la m'misewu ya ku Unit L kapena ku St Mary's limafika pa msana. Mpando wopyapyala sunyamula mayi wa kunyumba kapena thumba la ufa. Zotchinga matope zofupikitsidwa zimamwaza madzi pa malaya nthawi ya dzinja. Mulibe keliyala. Zonse zimene Inagaki ndi Miyachi anaika pa CG125 poganizira banja la ku Pakistan, kupatula injini, n'zimene wokongoletsa amayamba kuchotsa. Ndipo liwiro la makilomita 160 pa ola limene anyamata a ku Ace Cafe ankalifuna, kanjinga aka sikalifika. Kakafika pa 100 ndiye kuti kayesetsa.

Kodi n'zodalirika?

Funsoli lili ndi mayankho awiri, chifukwa njinga ndi injini komanso zonse zozungulira injiniyo. Injini yotengera CG125 siifa wamba, popeza inapangidwira kuzunzika. Pamene opanga njinga zotchipa amapulumutsira ndalama ndi pa zinthu zina: mabawuti ofewa amene amamasuka ndi kunjenjemera kwa njinga, mawaya opyapyala olowa madzi, tcheni chotamuka msanga, utoto ndi zonyezimira zochita dzimbiri, matayala olimba ngati pulasitiki amene amaterera pa msewu wonyowa. Njinga zambiri zimafika zili m'bokosi, zosalumikiza, ndipo amene amazilumikiza ndi wogulitsa. Njinga ziwiri za fakitale imodzi zimatha kukhala ndi moyo wosiyana kwambiri chifukwa ina inamangidwa ndi munthu wodekha amene anapaka girisi ndi kulimbitsa bawuti iliyonse, ina inamangidwa mothamanga kuti ikaime pa windo.

Ku Zimbabwe palinso nkhani ya mafuta. Kuyambira mu 2013 lamulo limafuna kuti petulo asakanizidwe ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo muyeso wake wakhala ukusintha mpaka kufika magawo 20 pa 100 alionse. Malawi anayamba kusakaniza kale, mu 1982, ndi ethanol wa ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi. Njinga ikaima milungu ingapo thanki ili theka, m'kati mumayamba dzimbiri, timabowo ta kabuleta timatsekeka, ndipo mapaipi a labala wotchipa amauma n'kung'aluka. Njinga yoyenda tsiku ndi tsiku imavutika pang'ono kusiyana ndi yotulutsidwa Lamlungu lokha kukaonetsa anthu pa Makoni kapena pa Chikwanha.

Umboni waukulu woti kudalirika kumachokera m'chisamaliro unapezeka kum'mwera kwa Africa konkuno, ndipo unabweranso ndi anthu a mipikisano. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 katswiri wa mpikisano wa ku America Randy Mamola, pamodzi ndi Barry ndi Andrea Coleman a ku Britain, anaona njinga zamoto zoperekedwa ndi mabungwe othandiza zitaunjikidwa kuseri kwa zipatala za mu Africa, zina zitangoyenda pang'ono, chifukwa chosowa kanthu kakang'ono ngati sefa kapena pulagi. Anayambitsa ntchito imene inadzakhala bungwe la Riders for Health. Njira yawo inali yoti wokwera aziyendera njinga yake m'mawa uliwonse, kuona oyilo, tcheni, mabuleki, matayala ndi mabawuti, ndipo makaniko azibwera mwezi ndi mwezi kudzasintha zipangizo zisanawonongeke. Mu 1991 anakhazikitsa ntchitoyi ku Lesotho, kenaka anafika ku Zimbabwe m'zaka zomwezo za m'ma 1990, ndipo mu 2002 anatsegula sukulu yophunzitsa kasamalidwe ka njinga ndi magalimoto ku Harare. Ku Malawi njinga za bungweli zakhala zikunyamula magazi ndi makhololo okayezetsa kuchokera ku zipatala za m'midzi kupita ku malabotale a m'maboma. Njinga zawo zinali za ku Japan, zodula kuposa zimene tikukambazi, koma mfundo yake ndi yomweyo. Njinga yodula yosasamalidwa inkafa chaka chisanathe, pamene yosamalidwa inkayenda zaka m'misewu ya fumbi.

Kwa munthu wa ku Chitungwiza masamu a chisamaliro ndi awa. Makilomita 50 pa tsiku, masiku asanu pa mlungu, ndi makilomita opitirira 1,000 pa mwezi. Injini yoteroyo imasunga oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo ilibe sefa ya pepala koma kasefa kawaya, choncho oyilo ayenera kusinthidwa mwezi uliwonse kapena miyezi iwiri iliyonse. Tcheni chimafuna kudzozedwa ndi kukungidwa mlungu ndi mlungu. Mavavu amafuna kuyezedwa mpata nthawi ndi nthawi. Zonsezi n'zotchipa, koma zimafuna mwambo. Ubwino waukulu wa injini yotengerayi ndi woti zipangizo zake zili paliponse ndipo amakaniko amaidziwa. Apa mpamene njinga yokongola imagonjanso. Pisitoni, kilatchi ndi kabuleta mudzazipeza mosavuta, koma thanki yaitali ija ikaphwanyika, kapena nyale yake yapadera ikasweka, mungadikire miyezi kuti zichokere ku South Africa kapena ku China.

Amalawi akudziwa mbali ina ya nkhaniyi imene Harare sinaione mokwanira. M'zaka za m'ma 2010 njinga zamoto zotchipa, zambiri zolowera ku malire a Mozambique, zinalanda ntchito ya kabaza wakapalasa ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'matauni ang'onoang'ono. Mayina ngati Lifo ndi SanLG anadziwika mpaka kumidzi. Achinyamata ambiri anapeza chochita, ndipo odwala ndi amayi oyembekezera anayamba kufika ku chipatala msanga. Koma ambiri mwa oyendetsa analibe ziphaso, njinga zambiri sizinalembetsedwe, ndipo madokotala a mafupa ku zipatala za Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth akhala akudandaula za kuchuluka kwa anthu othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu. Bungwe la World Health Organization linanenapo kuti chisoti chabwino chovalidwa moyenera chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi magawo pafupifupi 40 pa 100 alionse, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi magawo pafupifupi 70. Injini ikhoza kukhala yodalirika koma wokwera osafika kwawo. Pa msewu wa Seke, pamene makombi amathamangitsana kulimbirana okwera, munthu wogula njinga ndi ndalama zake zonse osasiyako ya chisoti, chiphaso, inshuwalansi ndi matayala abwino, wagula theka la njinga. Kuthamanga sikufika.

Anyamata a ku Ace Cafe anali ana a anthu ogwira ntchito za manja, ndipo njinga zawo za Triumph ndi Norton zinkadontha oyilo ndi kuzima magetsi usiku. Zinkayenda chifukwa eni ake ankakhala Loweruka lonse ali chogwada ndi sipanala. Amakaniko a ku Chitungwiza, amene anasunga magalimoto akale pa msewu m'zaka za mavuto a chuma popanda zipangizo zatsopano, ali ndi luso lomwelo. Agogo amene anabwera pa malole a Ulere analinso nalo, pakuti njinga yawo ya Humber ankaipukuta, kuidzoza ndi kuimata machubu mpaka kuisiyira ana. Mwa zonse zimene cafe racer inabwera nazo kuchokera ku London, chizolowezi chimenechi ndicho chimagwira ntchito ku Zengeza. Thanki yaitali ndi kalinunda ka pa mpando n'zokometsera, ndipo palibe cholakwa kuzikonda. Koma wogula amene akufuna kuti Lolemba m'mawa akafike ku Harare pa nthawi yake ayambe wafunsa kuti injiniyo ndi yotengera iti, zipangizo zake amagulitsa pati, ndipo anailumikiza ndani.